Makoko a Mandimu Kuseri kwa Bafa

Ndiyambe ndi kuthokoza Mwini moyo, amene anandisunga m'minda ya tiyi zaka zonse zija, mvula ikundikwapula pamsana, osalola phazi langa kuterereka. Ndithokozenso amayi anga ondibereka, amene anadziwa kutseka pakamwa pamene mpingo wonse unalephera. Ena onse amene atuluke m'nkhani ino ndinawakhululukira, monga tinalamulidwa. Koma sindinapeze pamene palembedwa kuti wokhululuka asaseke.

Bambo a ana anga anapita ku Joni mwana wachitatu ali kumsana. Chaka choyamba ankaimba foni. Chachiwiri anatumiza bulangete ndi wailesi. Kenako zii. Sindinali wamasiye, poti uthenga wa maliro sunabwere, komanso sindinali wapabanja, poti banja la munthu mmodzi kulibe. Mkazi wotere m'malaini a pa esiteti amakhala ngati mbuzi yoduka chingwe: aliyense wodutsa amadziyesa mbusa wake.

Ndinkatchola tiyi. Amene sanatcholepo sadziwa zimene masamba aja amachita ndi zala. Utomoni wake umalowa m'ming'alu ya chala chachikulu ndi chamkombaphala, n'kuda bii, ndipo sopo amangodutsapo. Chimene chimachotsa ndi ndimu ndi mwala wotsukira mapazi. Koma m'malaini mwathu munali lamulo losalembedwa, lomwe ngakhale ana ankalidziwa: wotchola tiyi satsuka zala ndi mandimu pokhapokha kuli ukwati, kapena wapeza mwamuna. Ungatsukirenji, Lolemba udzadanso?

Pansi pa sutikesi ndinali ndi setifiketi ya Fomu 4. Ndinkaiona pokhapokha ndikamafuna makadi a kusikelo a ana. Tsiku lina ndinamva pa wailesi ija, mphatso yomaliza ya amuna anga, kuti koleji ina ku Limbe imaphunzitsa dipuloma ya zaulimi Loweruka masana ndi Lamulungu masana, kuti apantchito nawonso aphunzire. Ndinapemphera sabata zitatu. Ndinayang'ana mwana wanga woyamba, mtsikana wa Sitandade 7, ndipo ndinaona dengu la tiyi likumudikira monga linandidikira ine. Ndinakalembetsa. Amayi anachoka kumudzi ku Mphuka kudzakhala ndi adzukulu, ndipo nandolo ndi mapeyala a m'munda mwawo zinkathandiza pa fizi.

Chifukwa chimene sindinauze munthu ndi ichi. Mvula ikatha tiyi amachepa, ndipo akapitawo amalemba mayina a otsala pantchito. Ena onse amapita kwawo kukadikira mvula ina, ndipo nyumba ya m'malaini imapita limodzi ndi dzina. Chaka cham'mbuyo mwake mnyamata wina anangomveka kuti akuphunzira kuyendetsa galimoto. Akapitawo athu anati, "Ameneyo mtima wake uli kale pamsewu, apereke malo kwa anzake." Dzina lake silinatuluke. Tsono akapitawo omwewo ndiwo anali mkulu wa mpingo wathu. Cholembera chimodzi chomwecho, cha m'thumba la malaya, chinkalemba mayina a ntchito mkati mwa sabata ndi mayina a ochimwa Lamulungu. Amayi anangondiuza m'Chilomwe, motsitsa mawu, kuti nkhuku yofungatira siimba. Ndinamva.

Tsiku langa loyamba m'kalasi ndinakhala pafupi ndi kamtsikana ka zikhadabo zopaka. Kanayang'ana dzanja langa pa kope n'kufunsa mwaulemu ndithu, "Anti, munapsa ndi moto?" Ndinabisa dzanja pansi pa desiki mpaka kuweruka. Apa ndivomere tchimo langa lenileni m'nkhani yonseyi, lomwe bwalo la mpingo silinalipeze: ndinachita manyazi ndi manja amene ankadyetsa ana anga. Kuyambira Loweruka lotsatira, ndikangoweruka masana ndinkathamangira kuseri kwa bafa ndi mandimu awiri, kukwecha zala mpaka kuwawa, kenako kuthamangira minibasi. Makoko ndinkangotaya pomwepo.

Khomo loyandikana ndi langa linali la atcheya a gulu lathu la amayi kumpingo. Mayi ameneyu anali ndi mphatso ya maso. Ankatha kuona mimba mwini wake asanaidziwe. Loweruka lina ndikutuluka ndi chikwama, anandiimitsa atagwira tsache.

"Achemwali, mandimu akutha bwanji mumtengomu? Chimfine?"

"Ayi, amayi, ndili bwino."

"Ndimadabwatu. Chimfine cha Loweruka lokhalokha, chogwira zala." Anaseka, ndipo makomo atatu anasekera limodzi. "Mutiperekere moni kumeneko. Muwauze kuti nafenso tili ndi zala."

Ndinangoti zikomo n'kumapita. Ndinkaganiza kuti zithera pa tsache. Koma anthu amene amasefa udzudzu m'madzi satopa msanga. Anandiwerengera masabata amene sindinaoneke m'tchalitchi mwathu. Anaona kuti ndagula nsapato zotseka. Wina anachita kufunsa kondakitala kuti ndimatsikira pati. Khama limene amayi aja anaika pa ine, akanaliika pa kuyendera odwala, bwenzi pa esiteti ponse palibe wogona yekha ndi malungo.

Anandiitana Lachinayi lina m'mwezi wa Epulo, kutatsala sabata zitatu kuti mayina a otsala pantchito atuluke. M'kachipinda ka kuseri kwa guwa munali akulu atatu, mmodzi wa iwo ali mlembi wa mpingo, ndi atcheya. Akapitawo anakhala pakati, atavala jekete ngakhale kunkatentha. Titapemphera, atcheya anatulutsa jumbo n'kukhuthulira patebulo, pambali pa mbale ya chopereka. Makoko a mandimu, ena ouma, ena a sabata yomweyo. Mayi wamkulu, wa zidzukulu, anakhala akutola zinyalala kuseri kwa bafa langa miyezi inayi, n'kumazisunga m'nyumba mwake ngati mbewu.

"Mayi, tikufunsani mwachikondi," anatero akapitawo. "Izi n'chiyani?"

"Makoko a mandimu, abambo."

"Alembi, lembani kuti avomera. Loweruka mumapita kuti?"

"Ku Limbe. Ndimagona kwa msuweni wanga wamkazi ku Bangwe, ndipo Lamulungu m'mawa ndimapemphera komweko."

"Msuweni wamkazi," anatero atcheya, akuyang'ana kudenga. "Abambo, ine ndakalamba, mwina zinasintha. Kodi masiku ano msuweni wamkazi timamutsukira zala?"

Mkulu wina anatsokomola pobisa kuseka. Akapitawo anagogoda tebulo ndi cholembera.

"Mayi, amuna anu sanakusudzuleni. Ankhoswe sanakhalepo pansi. Pamaso pa mpingo ndinu mkazi wa mwini. Tiuzeni dzina la bamboyo, mulape, tikuthandizeni."

Khadi la kukoleji, la chithunzi changa, linali m'buku la nyimbo pamiyendo panga. Kungotsegula bukulo, mlandu ukanathera pomwepo, ndipo atcheya akanatola makoko awo mwamanyazi. Ndinafuna. Mulungu akudziwa kuti ndinafuna kuona nkhope imeneyo. Koma maso anga anali pa cholembera chija. Ndinaona dzina langa likusowa pa pepala, katundu wathu ali panja, ana atatu akubwerera ku Mphuka pakati pa teremu, ndipo sukulu yanga itathera pa miyezi inayi. Ndinakumbukira kuti Ambuye wathu, ataimikidwa pamaso pa akulu, mafunso ena sanawayankhe.

"Abambo, pamaso pa Mulungu ndilibe mwamuna. Chimene ndimakachita ndi choyera. Koma lero sindinena."

"Choyera chimabisidwa?"

"Chuma chimakwiriridwa m'munda, abambo."

"Mwamva mwano?" anatero atcheya. "Wayamba kutilalikira."

Chigamulo sichinachedwe, poti anabwera nacho kale. Ndisiye maulendo a ku Limbe, kapena ndibweze yunifomu ya gulu la amayi, ndikhale pa benchi ya kumbuyo, ndipo ndisayandikire Mgonero kufikira nditalapa. Ndinapita kunyumba, ndinaika makala m'simbi, ndinasita bulauzi yoyera ija ndi duku lake, n'kukapereka ndekha kwa atcheya dzuwa lisanalowe. Anailandira ndi manja awiri, mwaulemu, ngati mphatso.

Patatha sabata zitatu mayina anatuluka. Langa linalipo, lachinayi kuchokera pamwamba. Ndinamva kuti akapitawo anauza anzawo kuti, "Zochita zake n'zonyansa, koma dengu lake limalemera, ndipo wotereyu sapita kutali." Imvani nzeru za akulu athu. Mkazi amene ankamuyesa wachigololo anali woyenera ntchito ndi nyumba. Akanadziwa kuti ndi wa sukulu, akanamuthamangitsa. Ndinaseka ndili ndekha mumzere wa tiyi mpaka mnzanga anandifunsa ngati ndalumidwa ndi kanthu.

Koma ndisaname kuti zonse zinali zoseketsa. Zaka ziwiri ndi theka ndi nthawi yaitali pa benchi ya kumbuyo. Ndinkapezekapo masabata a tchuthi cha kukoleji, ndipo abusa akabwera kudzadyetsa Mgonero, ife a kumbuyo tinkatuluka nyimbo ikuimbidwa, n'kukaima pansi pa mtengo wa bulugamu. Ku Bangwe nakonso sindinkadya, poti kalata ya mpingo ndinalibe, ndipo sindikanaba mkate wa Ambuye. Njala imeneyo sindingaifotokoze kwa amene sanaimve. Mwana wanga woyamba anabwera tsiku lina akulira, anzake atamuimbira nyimbo ya mandimu pa mjigo. Ndinamulowetsa m'nyumba, ndinatseka chitseko, ndinamuonetsa makope anga ndi mayeso amene ndinakhoza. Anawerenga tsamba lonse la matenda a mizu ya tiyi ngati kalata yochokera kwa bambo ake. Kuyambira pamenepo akamuimbira ankangovina.

Benchi ya kumbuyo ili ndi ubwino umodzi: umaona misana ya anthu onse. Pasanathe miyezi iwiri ndinaona bulauzi yanga ili pa msana wa mng'ono wawo wa atcheya, amene anali atangolowa kumene m'gulu. Sindikanaisokoneza. Kolala yake inang'ambikapo kumbuyo, ndipo ndinaisoka ndi ulusi wabuluu poti woyera unandithera. Chovala cha wochimwa, chimene anati chadetsedwa, chinkaimba kutsogolo ndi kuyendera odwala, ine mwini wake ndili kumbuyo. Zikuoneka kuti tchimo langa silinalowe mu nsalu.

Chaka chomaliza ndinasiya kutsuka zala. Tinkaphunzira za katcholedwe, ndipo aphunzitsi, munthu wa mabuku amene sanasenzepo dengu, anafunsa ngati alipo anagwirapo tsamba la tiyi. Ndinaimika dzanja, lakuda lomwelo, poti tsiku limenelo ndinachedwa, sindinakweche zala. Kalasi yonse inabwera kudzaona mmene chala chimadulira masamba awiri ndi kansonga osavulaza nthambi. Kamtsikana ka zikhadabo kaja kanandipempha kuti tiziwerengera limodzi. Makoko atasiya kuoneka kuseri kwa bafa, atcheya anauza anthu kuti bambo uja wandisiya.

Sindinatsegule pakamwa nditalandira dipuloma. Ndinadikira kalata ya ntchito, ya ulangizi wa alimi a tiyi a m'midzi ya ku Khwethemule, ndinapeza nyumba ya lendi, ndinasamutsa ana. Kenako Lamulungu lina ndinapempha kuonana ndi akulu m'kachipinda komwe kaja. Ndinaika mapepala awiriwo patebulo, pamalo pomwe panali makoko.

Akapitawo anawerenga nthawi yaitali, akuyendetsa chala. Atatha anavula magalasi.

"Ine ndinkadziwa kuti mayiyu ali ndi mutu. Sindinanene, alembi?"

Alembi anayang'ana pansi.

"Koma achemwali, mukanangonena!" anatero atcheya, atagwira pachifuwa. "Ife tikanakupemphererani. Mwatichimwitsatu inu."

Choncho wolakwa ndinali ine ndemwe. Mawu akuti pepani sanatuluke m'kamwa mwa munthu aliyense, ndipo sindinawadikire. Abusa atalengeza kuti ndabwezeretsedwa, nthungululu yoyamba, yaitali kuposa zonse, inali ya atcheya. Potuluka anandikokera pambali n'kunong'ona kuti yunifomu ija aifunafuna, mwina ili m'kabati.

"Musavutike, amayi," ndinatero. "Ikuwakhala bwino ang'ono anu. Angosintha ulusi wa pakolala."

Ndinasoketsa ina. Tsiku la Mgonero ndinapita kutsogolo, ndinatambasula dzanja, ndipo mkate unaikidwa pa zala zomwe zija, zisanayere bwinobwino. Wonyamula mbale anali akapitawo. Sindinawayang'ane, osati chifukwa cha mkwiyo, koma poti sindinabwerere iwo.

Mtsikana wanga uja tsopano ali ku koleji, ndipo amapita poyera, aliyense akudziwa. Zala zanga zinayera zokha pakupita kwa miyezi, ndipo nthawi zina ndimazisowa.

Inu amene mukulera ana nokha, muli ndi kope lobisa pansi pa sutikesi, Mulungu amene amaona zobisika akuoneni. Akupatseni pakamwa podziwa nthawi yotseka ndi nthawi yotsegula, msana wosatopa, ndi ana okhulupirira mwa inu. Asalole kuti muchite manyazi ndi manja anu. Ndipo inu otola makoko kuseri kwa mabafa a anzanu, nanunso akudalitseni, akupatseni ntchito ina yabwinopo. Mtendere wake ukhale pa makomo anu nonse. Ameni.