Liwu Limene Lidachotsetsa Ntchito a Seok

A Seok Du-man adanyamula katundu padoko ku Busan mpaka msana udakana. Atasiya kumeneko adayamba kuyendetsa minibasi yachikasu ya sukulu yamkaka kumene ine ndimaphika. Ndi munthu wamawu aakulu, moni wawo womwe umamveka ngati akukukalipira, koma mwana akagona pampando ankadutsa pamahampu mwakachetechete kuti asadzuke. Ntchitoyo ndiyo inkagula mankhwala a akazi awo, amene adafa ziwalo mbali imodzi.

Chaka chilichonse ana athu amavina pamaso pa makolo. Ulendo uno ahedi, Mayi Pyo, adasankha nyimbo yotchuka ya atsikana odzithyolathyola aja. Nditaimva ndidachita kulavula. Nkhani zake nzakuchipinda zokhazokha.

"Ahedi, ana a zaka zisanu avine zimenezi?"

"Inu samalani mapoto anu, mayi. Iyi ndi ya pawailesi, mawu oipa adachotsamo. Pamalopo pamangoti zii."

Tsiku la gule lili pafupi, kamtsikana kena, Ha-yul, kadatchula liwu lochotsedwa lija pachakudya kwawo, agogo ake aamuna ali pompo. M'mawa mwake mayi ake adabwera atalusa. Mayi ameneyu ndimamuona ine m'malesitilanti, akumupatsa mwana foni kuti iye adye nyama yootcha mwamtendere. Koma ayi ndithu, wolakwa akuti ndi dalaivala, poti anthu apadoko m'kamwa mwawo ndi mowola. Pofika masana nkhani idali itawanda kale pagulu la amayi la pafoni.

Adawaitana a Seok ku ofesi. Munthu waimvi adawerama mpaka mutu kufika m'mawondo, kuweramira mayi uja, mwana woti akadamubereka okha.

"Amake Ha-yul, ine m'galimoto sindiyatsa ngakhale wailesi. Afunseni anawo."

"Bambo, mwana wanga kunyumba samva zonyansa."

Ahedi adangotambasula dzanja n'kulandira makiyi. Kamera ya m'minibasi sadafune n'kuiona komwe, poti amayi akasamutsa ana sukulu imatsekedwa. Ndidapsa mtima mpaka kupsereza supu.

Tsiku la gule lija holo idadzaza. Tiana tidakwera pansanja titapakidwa milomo, timasiketi tolekeza apa, manja m'chiuno. Nyimbo idalira, n'kufika pamalo oti zii paja. Kalasi yonse idakuwa liwulo ndi mawu amodzi, momveka bwino, mmene amayankhira aphunzitsi akawafunsa za mitundu ya zipatso. Bambo wina adaphulika ndi phwete, ndipo onse adatsatira, mafoni m'mwamba. Amake Ha-yul nawo ankajambula, akupukuta misozi yachiseko.

Ndidawatsekereza ahedi pakhomo. "Mwadzimvera nokha. Onse akulidziwa, ngakhale amene sakwera minibasi. Aitaneninso a Seok."

"Tidapeza kale wina. Makolo amukonda kwabasi, waika kanema m'galimoto, ana sakusokoseranso."

Ndikadalankhula zimene zidali kukhosi kwanga, nanenso ndikadapereka epuloni tsiku lomwelo.

Masiku ano a Seok amatola makatoni kuseri kwa msika, kukankha ngolo ndi msana womwe uja, n'kukagulitsa pasikelo. Ndidakumana nawo Lolemba lapitali mphepo ikuchita kudula makutu. Adaimika ngolo, adavula chipewa, n'kundifunsa ngati ana awo a m'minibasi aja adavina bwino. Ndidati eya, adavina bwino.