Ndinati munditsukire zithunzi, iwo anapukuta memore yonse

Zithunzi zanga zonse za chimanga zapita, ndipo wazifafaniza ndi munthu amene ndimaima naye mzere umodzi m'kwaya.

Pepani, sindinazolowere kudandaula pagulu. Koma izi zandipweteka.

Ndikuphunzira uphunzitsi, ndipo pano ndikuyeserera pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Nsaru. Ku koleji anatiuza kuti mwana amamva msanga akaona chithunzi cha zinthu za kwawo. Ndiye dzinja lonse lapitali ndinkajambula munda wa amayi ndi foni yanga. Chimanga chikumera. Tikupalira. Mbozi itaboola masamba. Ngayaye zitatuluka. Mpaka tsiku lothira m'nkhokwe.

Lachitatu kunali kubwera aphunzitsi a ku koleji kudzaonerera phunziro langa la ulimi ndi kundipatsa malikisi. Ana a Sitandade 5 sangaunjikane pa kafoni kamodzi. Choncho Lolemba m'mawa ndinapita pa shopu ina yomwe amapulinta mapepala ndi kuika nyimbo m'mafoni. Eni ake ndi aakulu kwa ine, timapemphera mpingo umodzi. Dzina sinditchula.

Ndinawapatsa memore ya m'foni ndi manja awiri. Ndinati, “Achimwene, munditsukireko zithunzi zili umu, zikhale zazikulu zoti ndimate pa bolodi.” Anati ndisade nkhawa, ntchito ya aphunzitsi amaiika patsogolo. Ndinalipiriratu.

Lachiwiri masana ndinabwerera. Anandiponyera memore pa tebulo, amvekere, “Zatheka, aphunzitsi.” Nditafunsa za mapepala, anandiyang'ana ngati mlendo.

“Mapepala ati? Si munati nditsuke? Munali mavayirasi umo. Ndatsuka, mwayera. Ndakuikiraninso nyimbo za basela.”

Ndinaika memore m'foni. Chithunzi ngakhale chimodzi munalibe. Nyimbo zokhazokha.

Kodi kwathu kuno alipo amene sadziwa kutsuka zithunzi? Ojambula a pa njinga aja akamati akukatsuka ku tauni, tinkayesa atenga sopo? Nanga zopukuta memorezo ndimati ndikamate bwanji pa bolodi?

Mayi wogulitsa mandasi pakhonde pomwepo anandinong'oneza kuti makina opulintira anafa sabata yatha. Ndiye kuti polandira memore yanga, achimwene aja ankadziwa. Kaya kompyuta yawo ndiyo inadya zithunzizo, kaya analakwitsa podina, akanangondiuza zoona. Ine ndikanamva. M'malo mwake anatembenukira anyamata odikira nyimbo n'kunena kuti, “Awa eti ndi aphunzitsi a mawa, koma sasiyanitsa kutsuka ndi kupulinta.” Onse anaseka. Ine ndinangoti zikomo, n'kutuluka. Ndi mmene anatilerera.

Lachitatu ndinajambula chimanga ndi choko. Mwana wina anakweza dzanja mwaulemu n'kufunsa, “Aphunzitsi, kodi imeneyo ndi nzimbe?” Aphunzitsi a ku koleji sanaseke. Anati pulani yanga ikunena za zithunzi koma m'kalasi sanaone chilichonse. Andipatsa mpata umodzi wokha sabata ya mawa. Ndikalephera pamenepo, malikisi a phunziroli ndataya.

Anzanga oyeserera a ku Kabudula ndi ku Nambuma, musasiye memore pa shopu n'kuchokapo. Yambani mwafunsa ngati makina ali moyo. Ndipo muziti “kupulinta”, poti zikuoneka kuti Chichewa chathu ena amachiiwala zikawavuta.

Inu achimwene, ndikudziwa kuti muwerenga. Dzulo ku kwaya munandigwira chanza ngati palibe kanthu. Za ndalama sindikunena. Ndiuzeni chabe: uno ndi Okutobala, minda ili mbee, mizere yokhayokha. Chimanga cha ngayaye choti ndiwaonetse ana aja sabata ya mawa ndikachijambula kuti?