Chikondi cha Lachinayi

Mwana wanga wagula mafuta odzola onunkhira ndimu, ndipo fungo lake landibwezera ku Chisepo, kwa azakhali amene ananditenga mayi atamwalira.

Chikondi cha azakhaliwo chinkadziwa kalendala. Chinkabwera Lachinayi lokha, tsiku limene Mayi Nabanda, odzipereka kuyendera ana amasiye, ankafika pa njinga. M'mawa azakhali ankandisambitsa, kundipaka mafuta mpaka pa zipsera za mkwapulo, n'kundiveka diresi la mwana wawo. Ine ndinkayesa kuti ana onse amakondedwa kamodzi pa sabata.

Tsiku lina Mayi Nabanda anatulukira Lolemba. Anandipeza m'chigafa ndikusoka fodya, anzanga ali kusukulu, msana wanga uli pamtunda.

Ndinagwada n'kuwathandiza: "Pepani, mwasokoneza. Lero si tsiku londikonda."

"Ngwanthabwala ameneyu!" anatero azakhali, akuseka okha.

Mayi Nabanda anayang'ana msana wanga nthawi yaitali. "Kwera njinga, mwanawe."

Atakambirana ndi a ofesi yoona za ana, anandipezera banja la aphunzitsi limene linandilera.

Tikunyamuka, azakhali analira mudzi wonse n'kumva, ndipo ndinawamvera chisoni. Ndinachita kukula kuti ndizindikire kuti ankalirira wantchito waulere wowathawa fodya ali pakati.