Malaya Opsa Kumsana

Patsiku lokumbukira malemu amayi ake, Futambuyo anamva amalume ake akudzitama pakhomo la tchalitchi. Anali atapanikiza azibambo ena amene analibe kothawira.

"Mwana ameneyu ndinamuumba ndine," ankatero akukonza tayi. "Ngakhale malaya amene anavala pokafunsira ntchito anali anga. Atsopano, ochokera m'pepala."

Futambuyo anangopana bwino kathumba kake m'khwapa n'kulowa. Amalumewo ndi munthu wabwino, kungoti zabwino zambiri zimene anachita amazikumbukira okha.

Nkhani yeniyeni inayambira pansi. Bambo ake atamwalira, banjali linatsala ndi chipinda chimodzi cha lendi, mphasa, wailesi ndi simbi yamakala. Amalume anabwera kudzapepesa, ndipo pochoka ananyamula wailesiyo kuti akaisunge. Mpaka lero ikusungidwa.

Amayi aja anayamba kuchapa ndi kusita zovala za anthu. Zala zinasupuka ndi sopo, msana unapindika, koma anali ndi kagwiridwe kawo ka ntchito: simbi isanakhudze chovala, ankapempherera mwini wake. Yunifolomu ya namwino ankaipempherera pamodzi ndi odwala ake. Buluku la chidakwa cha nyumba yoyandikana ankalipempherera kuti lizifika pakhomo mwini wake ali momwemo.

Wina akadandaula kuti akuchedwa, ankayankha osakweza mutu: "Ndikathamanga, Mulungu amva theka."

Mwana wawo analephera mayeso, n'kukanyamula matumba kumsika. Amayi anamubweza kusukulu. Analepheranso. Anamubwezanso, ndi manja omwewo osupuka, mpaka anakhoza. Kenako anaitanidwa kukafunsidwa mafunso pa ntchito ya ukalaliki kunyumba ina yosungira katundu. Vuto linali limodzi: analibe malaya oyera.

Anapita kwa amalume. Iwo anati malaya awo onse ali kochapa. Wowachapira anali mlongo wawo yemweyo, ndipo sanawaonepo.

Mnyamatayo anayang'ana mulu wa zovala za eni pakona. "Amayi, tingotengapo amodzi, madzulo tibwezera. Adziwa ndani?"

"Amene ndimalankhula naye m'mawa uliwonse," anatero amayi.

Anavala mpango, ulendo kwa mlonda wina wa pasukulu amene ankawapatsa zochapa. Bamboyo anali ndi malaya oyera amodzi okha, opitira kutchalitchi. Anawapereka osafunsa zambiri.

M'mawa wa tsikulo amayi anayala malayawo, simbi itapsa bwino, n'kuyamba pemphero. Koma ulendo uno wovala anali mwana wawo. Pemphero linatalika, maso anatsinzina, dzanja linaima. Chimene chinanena ameni ndi fungo. Pakati pa msana panali chithunzi cha simbi, chofiirira, chathunthu. Pa zaka zonse za ntchito yawo, chovala chimene anawotcha ndi chimenechi basi.

Analira pang'ono, n'kupukuta misozi. "Kutsogoloku kuli bwino. Pita. Usaonetse munthu msana."

Mnyamatayo anayenda motsatira khoma, anayankha mafunso onse, ndipo pomaliza anatuluka chafutambuyo, akuwerama. Bwana wamkulu anagwira pachifuwa. "Ulemu wotere unatha kalekale," anauza anzake. Ntchito anampatsa, dzina nalo linamukakamira.

Amayi sanatume mwana. Ananyamula okha malayawo kupita kwa mwini wake.

"Bambo, ndakulakwirani. Ndawotcha malaya anu."

Mlondayo anawatembenuza, n'kuyang'ana chipseracho. "Nanga ntchito waipeza?"

"Waipeza."

"Ndiye sanapse pachabe, mayi. Inu musagule kanthu. Akadzakhala munthu, adzandiveke yekha."

Nyengo yotentha yonse bamboyo ankapemphera atavala juzi pamwamba pa malayawo, kubisa chipseracho. Pambuyo pake anasamuka, ndipo mbiri yake inazilala.

Futambuyo anakwera mpaka kukhala woyang'anira nyumba yonse ya katundu. Anawamangira amayi nyumba, n'kuwagulira makina ochapira. Iwo anawazungulira makinawo mokayikira. "Kuchapa akuchapadi. Koma akupempherera ndani?" Simbi yamakala sanaitaye.

Atadwala matenda omaliza, anamugwira dzanja. "Bambo aja sunawaveke. Usandichititse manyazi kumene ndikupitako."

Amayi atamwalira, anawafunafuna bambowo kwa miyezi, mpaka anawapeza atakalamba, akusungidwa ndi mdzukulu. Malaya opsa aja anali akadali nawo, ndipo anamubwerekanso. Tsono lero, abusa atamuitana kuti anene mawu okumbukira amayi ake, anatsegula kathumba kaja, n'kutambasula malaya akale, msana kuloza kwa anthu.

"Ndinapezera ntchito malaya awa. Amalume, mwawazindikira?"

Amalume anavala magalasi, anavula, anatsokomola. "Anga aja anali a manja aafupi."

"Chipsera ichi ndi pemphero la amayi anga," anapitiriza Futambuyo. "Anali wochapa zovala za anthu, ndipo sindinaonepo munthu wamkulu kuposa iwo."

Kenako anapita kubenchi lakumbuyo, n'kubwera atagwira mkono wa nkhalamba ija. Anatulutsa malaya ena, oyera mbee. Anali atawasita yekha ndi simbi ya amayi, akupemphera, koma maso ali otsegula. Anawaveka pamaso pa mpingo wonse, batani ndi batani, mpaka pakhosi.

Nkhalambayo inatembenuka pang'onopang'ono, n'kuonetsa anthu msana. "Abale, tandionereni. Kulibe kanthu?"

Tchalitchi chonse chinaphulika ndi kuseka, ena akupukuta maso. Amalume anaomba m'manja kuposa aliyense, mwina pokonzekera kudzanena kuti nzeruyo inali yawo.

Inu amene mwanyamula chipsera chanu lero, musabwerere pakhomo. Kutsogoloko kukadali bwino. Limbani mtima, lowani, ndipo mukadzakhala munthu, mudzakumbukire amene anakubwerekani malaya.