Paipi ya a Dyton

"Iwe Yankho, sukulu yonse watha ija, anakuuzako kuti paipi yopanda msoko amaipanga bwanji?"

Anandifunsa chonchi ndi a Dyton Ngozo, mkulu wa mpingo wa m'mudzi mwathu, kumtunda kwa Sharpevale. Ndisanatsegule pakamwa anayankha okha. Ati paipi wamba ndi lata lopinda, lowotcherera, ndipo pamsoko pamenepo ndi pamene imayambira kudontha. Koma ina amatenga chitsulo chathunthu, n'kuchiotcha mpaka psuu, n'kuchiboola pakati. Palibe poyambira kung'ambika.

Phunziroli aliyense kwathu analimvapo, ena kanayi.

A Dyton anabwera kuchokera ku Joni mu 1987. Anzawo anatsika basi ndi mabulangete, mawailesi ndi njinga. Iwo anatsika ndi paipi imodzi yotalika ngati munthu, yoyera ngati sipuni yatsopano, yomwe kapitawo wa pafamu ya ng'ombe zamkaka anawapatsa itatsala pa ntchito. Akazi awo, aNachisale, anayang'ana kumbuyo kwawo kuti mwina katundu wina akubwera ndi mtengatenga. Kunalibe.

"Mumadutsa mkaka umu, aNachisale. Chitsulo chimenechi sichichita dzimbiri, sichisiya fungo. Ngakhale m'zipatala zikuluzikulu mumakhala zomwezi."

"Nanga ife tizidutsitsamo chiyani, aNgozo? Mbuzi zathu zija?"

Ntchito yoyenera paipiyo sinapezeke. Kudimba anati ingabedwe. Pamjigo anati anthu ake ndi osasamala. Anaikulunga m'chiguduli, n'kuimangirira kudenga, ndipo inakhala kumeneko zaka makumi atatu, iwo akulalikira Lamulungu lililonse kuti kachasu akutha anyamata.

Tsono mng'ono wa aNachisale, a Mervis, ankatcheza kachasu. Mapaipi akuda a pamsika ankawaliritsa. Ikatha miyezi ingapo dzimbiri, mowa n'kumatuluka wofiirira, kenako msoko uja n'kutseguka, madzi ozizira a m'bwato n'kumalowa mu mowa. Tsiku lina a Dyton ali ku maliro, aNachisale ndi a Mervis anatsitsa chiguduli, n'kutulutsa paipi, n'kuikamo nsungwi yowongoka bwino, n'kuchibwezera kudenga. A Dyton ankachiyang'ana chiguduli chija m'mawa uliwonse, mtima uli m'malo. Kachasu wa a Mervis anatchuka mpaka ku Boma, akabaza akumati ngoyera ngati madzi a mvula.

Chaka chatha mpingo unatuma akulu atatu kuti akawadzudzule a Mervis, popeza dzina lawo linali likadali m'buku la akhristu. Wotsogolera anali a Dyton. Anafika dzuwa lili paliwombo, moto uli lawilawi pansi pa mtsuko, botolo likudontheredwa. A Dyton anatsegula Baibulo, n'kukweza maso. Kuchoka pa mtsuko, kudutsa m'bwato, inali ng'aning'ani paipi yawo.

A Mervis anagwada, maso pansi. Sakanaulula. Akulu enawo paipiyo anali asanaionepo yosakulunga. A Dyton akanangowerenga vesi lawo, ukulu wa mpingo ukanakhala wawo mpaka imfa.

Koma a Eliya, mkulu mnzawo, anaigogoda ndi ndodo.

"Taonani zitsulo zotola kudzala zimene mukuphera nazo anthu. Chimpopi chadzimbiri ngati ichi!"

"Dzimbiri lili pati, a Eliya?" anafunsa a Dyton.

"Lili m'kati. Zonsezi n'zimodzi."

A Dyton anatembenukira kwa a Mervis. "Mlamu, mwaigwiritsa zaka zingati?"

"Zisanu ndi chimodzi, alamu," anatero a Mervis motsitsa mawu.

"Zisanu ndi chimodzi! Uku moto, uku madzi, tsiku ndi tsiku! Inadonthapo?"

"Ayi, alamu."

"Mwamva, a Eliya? Ikazizira mulowetse chala, mundiuze ngati mupeze msoko. Ine ndinayenda nayo pamiyendo kuchokera ku Joni, inu n'kumati yakudzala?"

Mkulu wachitatu anatseka buku lake mwakachetechete.

Lamulungu lotsatira analengeza kuti a Dyton aimitsidwa pa ukulu, mpaka atalemba kalata yopepesa. Anthu ankaganiza kuti awonda ndi manyazi. Ine ndinkawaona akupita kwa a Mervis, osati kukamwa, pakuti mowa sanaulawepo chibadwire, koma kukakhala pa mpando n'kumaonerera paipi ikugwira ntchito. Kuilanda sanailande. Ati chitsulo chachita kupeza ntchito patatha zaka zonsezi, achichotserenji?

Mwezi watha aNachisale anawakakamiza za kalata ija, ndipo anandiitana ine, poti ndimalemba bwino ndiponso mayeso anatha, ndikungokhala. Iwo ankanena, ine n'kumalemba. Masamba awiri anadzaza: kaboolede ka chitsulo, mkaka wa ku Joni, zaka zisanu ndi chimodzi za moto ndi madzi, ndi pempho loti a Eliya abweze mawu awo pamaso pa mpingo. Anasaina, n'kundipatsa kuti ndikapereke kwa abusa.

Pachipata aNachisale anandigwira mkono.

"Mwanawe, pansipo pali malo. Ungoonjezerapo kuti ndalakwa, mundikhululukire. Maso awo saona bwino, sadziwa."

Ndinakhala pa mlatho nthawi yaitali, cholembera chili m'manja. Mawu awiri okha, a Dyton akanabwerera pa mpando wawo wakutsogolo. Ndinawerenganso kalata yonse, n'kuona kuti bodza mulibe ngakhale limodzi. Ndinaimata envelopu momwemo, n'kupita nayo kwa abusa.