Dzanja Limene Silinafike Pakhutu

Mwana wanga anali atangoyamba kukwawa pamene apongozi anga aakazi anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Sanakalipe ayi, bola akanakalipa. Anangoti, "Amake mwana, ife chinkhoswe tikuchifuna tikangokolola nandolo. Koma tambala wathu tidzampereka kwa ndani? Ngati kulibe woima mbali yanu, umenewu si ukwati, ndipo mwanayu tidzalera tokha."

Ndinayang'ana bambo a mwana, iwo n'kumayang'ana pansi. Kuyambira tsiku limenelo mwana sindinkamutsitsa kumsana, kaya kumjigo, kaya pophika, ndipo mlamu wanga akati ndimunyamuleko ndinkanama kuti akutentha thupi.

Ine ndinakulira pa Lisungwi. Mayi anga ankagulitsa tomato pamsika, ndipo anamwalira ndili Sitandade 4, n'kundisiya m'manja mwa mayi ena a kutchalitchi. Za kwawo sankazitchula. Ndinachita kumva nditakula kuti anachokako ali ndi mimba yanga, mwamanyazi, osatsanzika. Chimene ndinkadziwa n'chakuti anaphunzira pasukulu ina kufupi ndi Luwani, nthawi imene kunali msasa wa anthu othawa nkhondo ku Mozambiki. Ndiye anthu ankangoti basi, anali wakutsidya ameneyo, abale ake anabwerera kalekale. Akakhala akutsidya, nkhoswe ndikanakaipeza kuti ine?

Mayi a kutchalitchi aja ndi amene anati ndikafunse kusukuluko, poti mwana aliyense polowa amalembedwa m'kaundula pamodzi ndi kholo lake ndi mudzi wake. Ndinalawirira, ndinakwera kabaza wa njinga yamoto, fumbi lili tolo, dzanja limodzi ndagwira chitsulo, linalo ndagwira mwendo wa mwana kumbuyoku.

Ahedi anali mayi wamagalasi, wa mawu aakulu. Atandiona pakhomo la ofesi anati, "Mwabwera kudzalembetsa kakumsanako? Mwafulumiratu, mayi."

Ndinagwada n'kufotokoza zonse mothamanga, mpaka anandiuza kuti ndiyambe ndapuma. Kenaka anatsekula kabati ya pakona. Munatuluka fungo la mileme, ndipo munali mabuku aataliatali omangidwa ndi chingwe, ena opanda chikuto. Tinawayala pansi, iwo apo ine apa, mwana akulimbana kuti adye pepala.

Chizungu changa n'chapulayimale, koma maina ndimawerenga. Ndinkayendetsa chala mzere ndi mzere. Buku loyamba, palibe. Lachiwiri, palibe. Dzuwa litafika pamutu, ana akuweruka ndi phokoso panja, chala changa chinaima chokha. Dzina la mayi anga! Lolembedwa ndi inki yabuluu yofwifwa, pambali pake dzina la bambo awo, agogo anga amene sindinawamvepo n'kamodzi komwe. Ndinalitchula mokweza, ndinalibwerezanso, ndinaseka, ndinamutembenuza mwana kuti aone ngati kuti angawerenge.

"Nanga mudzi?" anatero ahedi, akukokera bukulo kwa iwo.

Pamene panayenera kukhala mudzi panali bowo. Chiswe chinadya mbali yonseyo kuyambira pamwamba mpaka pansi, n'kusiya dothi louma m'mphepete.

"Chiswe cha kuno n'chophunzira," anatero, koma ataona nkhope yanga analeka nthabwala. "Analibe m'bale amene anaphunziranso pano? Kungoti mfunda wanuwu ndi wa anthu ambiri kuno, ndipo mabuku ndi awa mukuwaonawa. Popanda chaka tingafufuze mpaka mvula."

Apa m'pamene ndinakumbukira khutu. Mayi anga anali ndi nkhani imodzi yokha ya ubwana wawo, ndipo ankaikamba akamandimeta tsitsi. Kale ana analibe mapepala a kubadwa, ndiye aphunzitsi ankauza mwana kuti adutsitse dzanja pamwamba pa mutu n'kugwira khutu la mbali inayo. Likafika, wakula, alowe. Mayi anga anapita tsiku limodzi ndi achimwene awo. Achimwenewo anagwira khutu mosavuta, koma iwo anakoka, anapendeketsa mutu, anatulutsa ndi lilime lomwe, zala n'kuthera pamwamba pa khutu. Anawauza kuti abwere chaka chamawa, ndipo analira njira yonse mpaka achimwene awo anawabereka. Dzina la achimwenewo sankalitchula, ankangoti achimwene. Ine ndinkangoseka lilimelo, osadziwa kuti akundisiyira njira.

"Chaka chapambuyo pake!" ndinatero. "Ayi, chapatsogolo, ndikutanthauza chimene mayi anga anabwezedwa, buku lotsogola ili, mnyamata, bambo ake omwewa."

Ahedi anali atayamba kale kumasula chingwe. Buku limenelo linali pakati pa mulu, chiswe chinangolinyambita pakona. Masamba ankamatana, iwo akunyowetsa chala, ine ndikuti fulumirani mumtima, mwana akulira, ine osamumva n'komwe. Tsamba lachitatu kapena lachinayi, ndi uyo: mnyamata, mfunda womwewo, dzina la kholo lomwelo, ndipo mudzi uli bwinobwino, chilembo chilichonse. Sunali wakutsidya. Unali wa kumtunda kuno, njira ya ku Magaleta, kumene ndinadutsako kangapo pokagula mbatata ya kachewere.

Ahedi anandilembera pakapepala, koma ndinali nditaloweza kale.

M'mawa mwake ndinali m'mudzimo. Pofunsa dzina la mnyamata wa m'buku uja, amayi ena amene ankapeta tirigu anangoloza ndi mlomo kumunsi kwa phiri. Ndinapeza bambo wa imvi zochepa akukumba mbatata, ndipo atangowongoka ndinaona mphumi ya mayi anga. Zonse zimene ndinakonza m'njira zinathawa, ndipo nditapereka moni ndinangofunsa kuti, "Pepani bambo, kodi munali ndi mlongo amene dzanja lake silinafike pakhutu?"

Anaika khasu pansi pang'onopang'ono.

"Ali kuti?"

Ndinawauza. Anakhala pamzere, chipewa chili m'manja. Kenaka anandiuza kuti anamufunafuna mpaka ku Mwanza ndi ku Blantyre, osaganiza kuti ali pa Lisungwi pomwepa. Ine ndinafotokoza za apongozi, za nandolo, za tambala wosowa womulandira.

"Ndani akuti ulibe kwanu?" anatero. "Ukawauze kuti malume ako akubwera Loweruka. Tambalayo akhale wonenepa, ine sindilandira nthenga zokhazokha. Tabwera naye kuno mdzukulu wangayo."

Ndinamasula nsalu. Aka kanali koyamba kumupereka m'manja mwa munthu chiyambire tsiku la kunkhokwe lija. Malume anamukhazika pabondo, anatenga kadzanja kake, anakadutsitsa pamutu mofatsa. Kanathera pakati penipeni pa liwombo.

"Uyunso," anatero akupukuta m'maso ndi chipewa, "abwere chaka chamawa."