Nyimbo Imene Ndinapekera Telala wa M'komiti

Munthu ameneyu ndizingomutchula kuti telala, ndipo ulemu sindimupatsa ngakhale anali wamkulu kwa ine. Makina ake anali pakhonde la sitolo ina pa boma la Mangochi. Ntchito ankaidziwa, zimenezo sindikana. Akasoka siketi ya yunifolomu inkatsika kupitirira mawondo ndendende monga lamulo la masiku amenewo linkafunira. Koma mtima wake sunali pa singano, unali pa mipando ya chipani.

Ine ndi amuna anga tinatumizidwa ku Mangochi kuchokera kwathu ku Ntcheu, tonse aphunzitsi. Iwo anali ahedi pa sukulu ina ya pulaimale m'tauni momwemo, ine ndinkaphunzitsa Sitandade 4. Chaka chathu chachiwiri makolo anasankha komiti yatsopano ya sukulu, telala n'kulowamo. Sikuti anamuona nzeru ayi. Pa msonkhano uliwonse iye ndiye ankayamba kuimirira n'kufuula mawu otamanda chipani, ndiye ndani akanalimba mtima kumukana? Chipani chinali chimodzi, ndipo munthu wopanda khadi lake ngakhale mumsika ankabwezedwa pa geti.

Nyumba za aphunzitsi zinali zochepa, choncho komiti inagwirizana kuti tiumbe njerwa. Ana anaponda dothi mpaka miyendo kuchita kutuwa, makolo anasenza nkhuni, uvuni n'kupsa bwinobwino. Titabwerako ku holide tinapeza patsala zibenthu zokhazokha. Njerwa zinali zitamanga ofesi ya nthambi ya chipani, ndipo tsiku lotsegulira ofesiyo kunalengezedwa kuti ndi mphatso yochokera kwa telala, munthu wokonda dziko lake. Mwezi usanathe anamusankha kukhala tcheyamani wa nthambi.

Amuna anga anali munthu wofatsa, wodwaladwala chifuwa cha mphumu, wosadziwa kukangana ngakhale ndi mwana. Koma zimenezi zinawapweteka. Pa msonkhano wa komiti anaimirira n'kunena motsitsa mawu kuti, "Njerwa zija zinali za sukulu, sizinali za chipani." Anandiuza okha kuti telala sanakwiye. Anangomwetulira, n'kupempha mlembi kuti alembe mawuwo monga momwe atulukira. Patapita milungu itatu kalata inabwera yoti tasamutsidwira ku sukulu ina ya ku Makanjira.

Anzathu ankatinong'oneza kuti tithokoze Mulungu, poti ena pa mawu ngati amenewo ankapita kundende. Makanjira sindikunyoza. Anthu ake anatilandira bwino, ankatitchula kuti amwalimu, kutanthauza aphunzitsi, ndipo ndiwo sitinasowepo. Koma mankhwala a amuna anga ankapezeka ku boma, ndipo telala ankadziwa zimenezi, pajatu ndi iye yemwe ankawaona akudutsa pakhonde pake kupita kuchipatala. Dzinja lachiwiri chifuwa chija chinawagwira moti sankatha kumaliza mawu. Tinadikira lole masiku anayi. Itabwera tinawagoneka pamwamba pa matumba a usipa, mutu wawo uli pa miyendo yanga. Tisanafike ku Lungwena loleyo inatitimira m'matope, amuna onse n'kutsika kukakankha. Pamene inkatuluka m'matopemo, ine ndinali nditawatseka kale maso amuna anga.

Tinakawaika ku Ntcheu. A ku ofesi ya maphunziro anandimvera chisoni n'kundibwezera pa sukulu yakale ija ndi ana anga atatu. Sabata yoyamba telala anabwera kudzapepesa maliro, baji ya chipani ikuwala pachifuwa. Anakhala pa mpando wa malemu n'kundiuza kuti zonse ndi Mulungu. Ndinagwada, ndinathokoza, ndinamuperekeza mpaka pa msewu. Ndinamuda munthu ameneyu, ndipo sindichita manyazi kunena.

Zaka zinayi zotsatira ndinamuona akukwera. Anachoka pa nthambi kukhala tcheyamani wa dera, kenako analowa m'komiti ya chipani ya boma lonse. Mpando wa kusukulu sanausiye, anakhalanso tcheyamani wa komiti yathu, chifukwa ana a sukulu ndi amene ankamudzazira bwalo pa misonkhano yake. Kenako mphekesera inamveka yoti dzina lake lili m'gulu la mayina opita kwa akuluakulu kuti asankhepo phungu wa Nyumba ya Malamulo. Ndinaimva mu sitafu rumu choko chili m'manja, ndipo chinathyoka. Mumtima ndinati munthu uyu ku Nyumba ya Malamulo sakalowa ine ndikupuma.

Koma ndikanachita chiyani, ine mayi wamasiye? Kukamunenera kwa ndani, poti chipani kwathuko chinali iyeyo? Chimene ndinali nacho ndi pakamwa basi. Kuyambira ndili mtsikana ndinkatha kupeka nyimbo, ndipo aphunzitsi aakazi tinkakakamizidwa kuphunzitsa amayi a chipani magule a pa misonkhano. Ine ndiye ndinali wotsogolera nyimbo.

Tsiku lina telala anandipeza pa buleki ndili ndi aphunzitsi anzanga awiri pansi pa mtengo wa mango. Anati nduna yoyang'anira chigawo ikubwera kudzachititsa msonkhano, ndiye amayi akonzeke mokwanira. Kenako anakanda kumutu, n'kuseka ngati mwana wopempha ndiwo zowonjezera.

"Amayi, mwina kadzina kathu kangamvekeko pang'ono m'nyimbomo, kuti a nduna adziwe kuti kuno kuli anthu ogwira ntchito."

Aliyense m'dziko muno ankadziwa kuti m'nyimbo za pa msonkhano munkatamandidwa munthu mmodzi yekha, Pulezidenti. Msewu, chipatala, chimanga chambiri, zonse zinkachokera kwa iwo. Nduna yeniyeniyo inkati ikaimirira, inkayamba yanena kuti payokha si kanthu. Telala ankazidziwa zimenezi kuposa ine, koma njala ya mpando inali itamutseka m'maso. Ndinaweramitsa mutu n'kumuuza kuti asadandaule, dzina lake limveka ndithu.

Milungu iwiri ndinaipeka nyimbo imeneyo, ndikusesa, ndikuchapa, ndikuchonga makope. Pa nyimbo zonse zimene ndinapekapo, yokoma kuposa iyi palibe. Mawu otsogolera anali a Chichewa, ovomera ndinawaika m'Chiyao kuti amayi a m'mbali mwa nyanja aigwire msanga. Inkanena kuti telala ndiye anamanga ofesi ndi manja ake, ndiye anabweretsa chitukuko ku Mangochi, ndiye bambo wathu amene tikamlirira amamva. Dzina la Pulezidenti sindinaliikemo ngakhale kamodzi. Pokonzekera, mayi wina wachikulire wa ku Lungwena, wa mpingo wa Angilikani, anandikokera pambali n'kundifunsa ngati nyimboyi sinaiwale munthu. Ndinamuyankha kuti aitanitsa okha a tcheyamani. Pa tsiku la msonkhano mayiyo anatumiza uthenga woti mwendo wamuvuta.

Tsikulo dzuwa linawomba la ku Mangochi lenileni. Bwalo linadzaza, ana a sukulu atafola kutsogolo kuyambira m'mawa osadya kanthu. Tinayamba ndi nyimbo za masiku onse, nduna ikuomba m'manja pa nsanja. Kenako ndinakodola woimba ng'oma kuti asinthe, n'kuiyamba. Ha, amayi anaigwira! Fumbi linakwera, nthungululu ponseponse, anthu a m'bwalo n'kuyamba kuvomera nawo. Mkazi wa telala anali pa mzere woyamba, akuvina misozi ya chimwemwe ili m'masaya.

Ine ndinkangofuna kuti nduna imve. Zinazo anawonjezera yekha mwini wake. Anaimirira pa nsanja, anatsika masitepe, n'kulowa pakati pa amayi. Anatulutsa mpango woyera m'thumba n'kuyamba kuukupiza m'mwamba uku akuvina pang'onopang'ono, monga ankachitira munthu mmodzi yekha m'dziko lonse ndi litchowa lake. Ndinayang'ana ku nsanja. Nduna inali itasiya kuomba m'manja, ikuyang'ana nsapato zake. Kumbuyo kwake amuna awiri a magalasi akuda ankalemba m'timabuku. Ndinakweza mawu n'kuibwereza nyimboyo kachitatu.

Nduna inalankhula mwachidule. Inati dziko lino lili ndi bambo mmodzi, ndipo amene akuona ngati alipo wachiwiri ali ndi matenda ofunika kuchiza msanga. Inanyamuka osadya chakudya chimene anaikonzera.

M'mawa mwake anandiitana ku polisi. Ndinanena zoona zokhazokha, kuti a tcheyamani anapempha okha kuti dzina lawo liimbidwe, ndipo ine mayi wamasiye sindikanatha kukana akuluakulu a chipani. Aphunzitsi anzanga awiri aja anachitira umboni. Apolisi anandikalipira kuti ndine chitsiru, n'kundiuza kuti ndizipita. Telala anakamutenga pakhonde pake masana, tepi yoyezera ili m'khosi. Palibe amene anauzidwa kumene anapita naye. Komiti ya sukulu inasankha tcheyamani wina sabata yomweyo, ndipo dzina la telala palibe amene analitchulanso pa msonkhano.

Patapita mwezi mkazi wake anabwera kunyumba kwanga. Anali mayi wofatsa, wosapita kusukulu, wa ana asanu, ndipo sanandilakwirepo kanthu. Anakhala pansi pa mkeka, anakana mpando. Anati akudziwa kuti ine ndinkafunira amuna ake zabwino, nyimbo inali yokoma, kungoti anthu ansanje anaipotoza. Anandipempha kuti ndimulembere kalata ya Chingerezi yopita ku ofesi ya Pulezidenti, yopepesa ndi kupempha kuti bambo a ana ake atulutsidwe. Ena onse amene anawapempha anali atakana chifukwa cha mantha.

Ndinailemba. Ndinatenga pepala labwino, ndinalemba ndi dzanja langa la pa bolodi, kenako ndinamuwerengera ndikumasulira mzere ndi mzere. Analira, n'kudinda chala chake pansi pake. Anandipempha kuti ndikaiponye ndine, poti iye akaoneka ku positi ofesi anthu ayamba kuloza. Ndinavomera. Anandisiyira utaka wouma m'kambale, ndipo ndinaima pakhomo kumuyang'ana mpaka anakhota pa mpanda wa sukulu. Pa mbaula panali madzi a tiyi. Ndinaphula ketulo, ndinaika kalata ija pa makala, ndinadikira kuti ipse yonse, n'kubwezerapo ketulo.

Mwezi uliwonse ankabwera kudzafunsa ngati yankho lafika. Ndinkamuyalira mkeka, ndinkamupatsa tiyi, n'kumuuza kuti, "Sanayankhe, amayi. Tiyeni tidikirebe."